Mphindi Zitatu za Masekela

M'chaka cha 1968, mumzinda wa Los Angeles ku America, Hugh Masekela adali atatsala pang'ono kumaliza kujambula chimbale chake pamene adapeza kuti chikuperewera ndi mphindi zitatu. Masiku amenewo chimbale chidali mbale yakuda ija yozungulira pa galamafoni, ndipo eni kampani sankalola kuti itulutsidwe nyimbo zisadakwane. Pofuna kutseka mpatawo, anyamata a gulu lake adayamba kugunda kanyimbo kena kamene iye adakamva ku Zambia pa mbale ya Freddie Gumbi, kanyimbo ka nthabwala koyamba ndi belu la ng'ombe. Mnzake wina wakwawo, Philemon Hou, adapeka mayimbidwe ake pomwepo, Masekela n'kuwomba lipenga pamwamba pake. Adajambula mwachangu, n'kuyitcha "Grazing in the Grass". Pofika mwezi wa Julaye chaka chomwecho, nyimbo yotsekera mpata ija idali pa nambala 1 m'dziko lonse la America, ndipo mbale zake zidagulidwa pafupifupi 4 miliyoni.

Ine si woyimba. Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo tsiku langa limathera pa mafayilo ndi makalata. Komabe nkhani ya mphindi zitatuzi yakhala ikundizunguza mutu kwa zaka zambiri, chifukwa imasonyeza zinthu ziwiri zimene anthufe timakonda kuziphatikiza: kuyimba nyimbo ndi kugulitsa nyimbo. Masekela adakhala pakati pa ziwirizi kwa zaka zoposa 60. Ndikawerenga buku la mbiri yake lotchedwa Still Grazing, limene adalemba ndi D. Michael Cheers ndipo lidatuluka mu 2004, komanso ndikamvera zimene ankayankhula atakalamba, ndimapeza munthu amene sankakhulupirira kuti nyimbo ndi zake. Ankati adazitola kwa anthu akwawo, ndipo pa chifukwa chimenechi adali nawo ngongole. Chimbale kwa iye chidali katundu wa pamsika, wofunika ndithu, koma katundu basi.

Adabadwa pa 4 Epulo 1939 ku Witbank, tawuni ya migodi ya malasha ku South Africa imene lero amayitcha eMalahleni. Adaleredwa ndi agogo ake aakazi amene ankagulitsa mowa mobisa kwa anthu a m'migodi. Aliyense amene adakhalako pafupi ndi shabini akudziwa kuti mowa umamasula nyimbo. Kumeneko mwanayu ankamva amuna a mitundu yosiyanasiyana, ochokera m'mayiko ozungulira, akuyimba za kwawo kumene adasiya akazi ndi ng'ombe. M'nyumbamo mudalinso galamafoni yopukusa ndi dzanja. Mwini wake ankasimba moseka kuti ali wamng'ono ankaganiza kuti oyimbawo amakhala m'kati mwa galamafoniyo, ndipo ankalakalaka atalowamo kuti azikhala nawo. Tsono makutu ake adakulira pa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mawu a anthu amoyo, ndi mawu osungidwa m'mbale.

Lipenga lidabwera ali ndi zaka 14, ataonera kanema wotchedwa Young Man with a Horn, momwe Kirk Douglas adasewera ngati woliza lipenga. Wansembe wa mpingo wa Anglican, Trevor Huddleston, amene ankayang'anira sukulu ya St Peter's ku Johannesburg, adamupezera lipenga loyamba pofuna kuti mnyamatayu asiye kupulupudza. Mu 1956 Louis Armstrong, atamva za kagulu ka anyamata a Huddleston, adawatumizira lipenga lake. Kwa ife kuno lipenga timalidziwira ku bandi ya apolisi, ku asilikali, ndi ku zikho zija amawomba ovina malipenga kumpoto. Kwa anyamata a ku Johannesburg a zaka zimenezo lipenga lidali liwu la munthu wakuda wa ku America amene adamumva m'mbale, munthu wovala suti, woyimba moti ngakhale azungu ankamuwombera m'manja.

Msika wa nyimbo umene iye adaupeza kwawo udali wa nkhanza zoonekeratu. Woyimba wakuda ankalowa m'situdiyo, n'kuyimba, n'kulandira kandalama kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Mbale igulidwe chikwi kapena miliyoni, iye zake zidatha. Chitsanzo chimene aliyense amachitchula ndi cha Solomon Linda, amene adajambula "Mbube" mu 1939, chaka chomwe Masekela adabadwa. Linda adapatsidwa masheleni owerengeka, nyimbo yake idazungulira dziko lonse m'mayina ena n'kulemeretsa anthu amene sadamuonepo, iye n'kumwalira ali mphawi mu 1962. Ana ake adadikira mpaka 2006 kuti apeze kangachepe. Masekela mwini adali m'gulu la Jazz Epistles pamodzi ndi Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, amene pambuyo pake adadzatchedwa Abdullah Ibrahim. Chimbale chawo cha 1960 chimatchulidwa mpaka lero ngati chiyambi cha jazi wamakono wa anthu akuda m'dzikomo, koma adadinda mbale 500 zokha. Pa 21 Malichi chaka chomwecho apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville, boma lidaletsa misonkhano, ndipo pamene palibe msonkhano palibenso dansi. Masekela adatuluka m'dzikomo ali ndi zaka 21, osadziwa kuti padzatha zaka 30 asadabwerere.

Ku New York adalowa sukulu ya Manhattan School of Music, cholinga chake chili choti adziwe kuwomba ngati akatswiri a jazi a kumeneko. Akatswiriwo ndiwo adamubweza. Dizzy Gillespie, Miles Davis ndi Harry Belafonte, aliyense m'njira yake, adamuuza chinthu chimodzi: oyimba jazi kuno ndi ambirimbiri, ukatitsanzira udzangosowa m'chigulu, koma zakwanu palibe amene akuzidziwa. Paja akulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Adamvera, ndipo kuyambira pamenepo lipenga lake lidayamba kuyankhula ngati munthu wa ku lokeshoni. Pambuyo pake ankakonda kwambiri lipenga lonenepako lotchedwa flugelhorn, la mawu ofatsa, oyandikira kukhosi kwa munthu.

Pa sukulu yomweyo adakumana ndi Stewart Levine, amene adadzakhala bwenzi lake moyo wonse, ndipo awiriwa adayambitsa kampani yawoyawo ya zimbale yotchedwa Chisa. Apa mpamene pali chododometsa. Munthu amene ankati nyimbo ndi za anthu ndi yemweyo amene, asadakwanitse zaka 30, adaona kuti ayenera kukhala ndi kampani. Koma ndikaganiza za Solomon Linda sindionapo kutsutsana. Pa malonda a zimbale, mwini chuma si amene wayimba, koma amene wasunga tepi yoyambirira ndi pepala losayinidwa. Kampani ikakupatsa ndalama zojambulira, imeneyo ndi ngongole, idzadula pa malonda usadaone tambala. Ndalama za wopeka nazo zimayenda njira yakeyake, n'chifukwa chake dzina lolembedwa pansi pa "Grazing in the Grass" ndi la Philemon Hou, osati la wowomba lipenga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife a m'maofesi timazidziwa bwino zimenezi: munthu akhoza kugwira ntchito zaka 30, koma ngati fayilo yake ilibe kalata yoyenera, tsiku lopuma akauzidwa kuti sakudziwika.

Komatu kampani yaing'ono siingafikitse mbale m'masitolo a dziko lalikulu ngati America, choncho Chisa idadalira kampani yaikulu ya Uni. Nyimbo ija itaphulika, msika udafuna inanso yofanana nayo, ya belu la ng'ombe ndi chisangalalo. Masekela adawapatsa chimbale cha mkwiyo, chokamba za nkhondo, utsi wokhetsa misozi ndi kuponderezana. Sichidagulidwe, ndipo ubale wake ndi Uni sudakhalitse. Ena anganene kuti kumeneko kudali kupusa, kuthira mchenga m'nsima yako yomwe. Ine ndimaonapo munthu amene adakana kuti ngozi ya mphindi zitatu imulembere moyo wonse. Pa zimene zidachitika ndi chuma chake, mwini wake sadanamizire makampani okha. M'buku lake adafotokoza mosabisa mmene mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidadyera ndalama ndi maukwati ake, kufikira mu 1997 pamene adakagonekedwa ku England kuti asiye. Atabwerako adathandiza kuyambitsa bungwe lothandiza oyimba anzake ogwidwa m'msampha womwewo.

Dzina litazilala ku America, adatembenukira ku Africa. Fela Kuti adamulozera gulu la ku Ghana lotchedwa Hedzoleh Soundz, ndipo adajambula nalo mu 1973. Chaka chotsatira, 1974, padatuluka nyimbo imene kwa ine ndiyo yaikulu pa zonse, "Stimela", yokamba za sitima ya malasha yonyamula amuna kupita nawo ku migodi ya ku Johannesburg. Siidakwere pa nambala 1 kulikonse. Chaka chomwecho, mwezi wa Epulo, ndege ya Wenela yobweza anthu a m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodi.

Ine nyimboyi ndidayimva mochedwa, ndili ku sekondale, pa kaseti imene mnzanga adandijambulira kuchokera ku chimbale cha Hope, chimene Masekela adajambula pamaso pa anthu ku Blues Alley mumzinda wa Washington mu 1993. M'menemo nyimboyi ndi ya mphindi pafupifupi khumi. Imayamba ndi mawu oyankhula, mkuluyu akutchula mayiko ochokera sitimayo limodzi ndi limodzi, ndipo Malawi ali koyambirira kwenikweni. Kenako amasanduka sitima ndi pakamwa pake, kupuma kwake, kugunda kwa mateyala, mpaka mluzu wake umene umatuluka ngati mfuu ya munthu wolasidwa. Lipenga limabwera pambuyo.

Pa tchuthi china ndidapita nayo kasetiyo kumudzi, kumene amalume anga, amene adagwirako ntchito ku Joni kawiri, ankakhala. Madzulo ndidayiyika m'wailesi ya mabatire, iwo akusoka mphasa. Chingerezi sankachimva kwenikweni, koma atamva dzina la dziko lathu adadzutsa mutu.

"Mphwanga, akuti bwanji ameneyu?"

Ndidawamasulira mmene ndikadathera. Adaseka, n'kunena kuti woyimbayo wasiyako pang'ono, poti iwo a m'nthawi yawo ankayamba ndi ndege mpaka ku Francistown, sitima ankakakwerera kumeneko. Koma itafika pa mluzu paja kuseka kudatha. Singano idaima. Adakhala chete mpaka nyimbo yonse idatha, kenako adafunsa ngati munthuyo adalowako pansi pa mgodi.

"Ayi amalume, adangokulira pafupi. Agogo ake ankagulitsa mowa kwa anthu a m'migodi."

"Ndiye adali ndi makutu," adatero. Atasokako pang'ono adaonjezera funso lina: "Nanga poti nkhaniyi ndi yathu, ndalama zake amadya ndani?"

Funso limeneli Masekela akadalimva sakadakwiya, chifukwa ndi ngongole yomwe ija ankayinena yekha. Koma yankho lake loona, pa kaseti imene idali m'wailesi usiku umenewo, lidali loti palibe. Kasetiyo idajambulidwa kuchokera ku inzake, inzakeyo kuchokera ku ina, monga zidaliri m'nyumba zambiri zaka zimenezo. Woyimba sadalandirepo tambala, kampani sidalandire, amalume nawo ayi. Wina akhoza kunena kuti zidayenda bwino, nyimbo idabwerera kwa eni ake popanda wamalonda pakati. Maganizo amenewa ndi okoma kuwamva, koma ine sindiwavomera onse. Tidaona ndi maso athu oyimba akuno kwathu akugulitsa tepi yoyambirira pa mtengo umodzi kwa ogulitsa makaseti chifukwa cha njala ya tsiku limenelo, kwinaku ena akukopera nyimbo zawo mwaulere. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti lithane ndi zimenezi, koma tapitabe ku maliro a oyimba otchuka kumene bokosi lidachita kusonkheredwa. Kunena kuti nyimbo ndi za anthu n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi pasipoti ndi dzina loti akhoza kudzaza holo ku London.

Palinso pena pamene ndimasiyana naye pang'ono mkuluyu, kapena ndinene kuti pamene moyo wake umatsutsa kupeputsa kwake kwa chimbale. Mphamvu yake idali pa nsanja, pamaso pa anthu, ndipo amene adamuonera amachitira umboni. Pa nyengo ya Khirisimasi ya 1980 iye ndi Miriam Makeba adayimbira anthu pafupifupi 75,000 ku Lesotho, ambiri atachita kuwoloka malire kuchokera ku South Africa kumene iye sankaloledwa kuponda. Zimenezo palibe mbale ingazisunge. Komabe amalume anga sakadapita ku Maseru kapena ku Washington. Chidawafikira ndi kaseti. Mwana uja wa ku Witbank amene ankafuna kulowa m'galamafoni adalowamodi, ndipo ndi mmenemo mmene ambirife tidamupeza.

Mwina iye ankazidziwa zimenezi kuposa mmene ankanenera, chifukwa sadaleke kufunafuna njira yojambulira pafupi ndi kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adakhazikika ku Botswana, ndipo mothandizidwa ndi kampani ya Jive adabweretsa situdiyo yoyenda pa mateyala n'kuyiyimika pafupi ndi Gaborone, kufupi ndi malire. Oyimba a ku Johannesburg ankawoloka kudzajambula naye, ndipo chimbale cha Techno-Bush cha 1984 chidachokera mmenemo. Adayambitsanso sukulu ya nyimbo. Pa 14 Juni 1985 asilikali a boma la tsankho adalowa mu Gaborone usiku n'kupha anthu 12, ena mwa iwo anzake. Adanyamuka kupita ku London, maloto a situdiyo n'kuthera pomwepo.

Mu 1987 adayenda ndi Paul Simon pa ulendo wa Graceland, umene udafikanso ku Rufaro Stadium ku Harare. Ambiri olimbana ndi tsankho adamunyoza, poti Simon adakajambula ku Johannesburg pamene mayiko adagwirizana zosala dzikolo. Masekela sadagwedezeke. Mfundo yake idali yoti kusalako kudapangidwira kulanga boma, osati kutsekera oyimba akuda m'chipinda kuti dziko lisawamve. Pa ulendo womwewo usiku uliwonse ankayimba "Bring Him Back Home", nyimbo yofuna kuti Nelson Mandela atulutsidwe, imene adayipeka atalandira khadi ya tsiku lobadwa kuchokera kwa Mandela ali m'ndende. Mlanduwo anthu akadautsutsanabe. Ine ndimangoona kuti apanso adagwiritsa ntchito msika wa wina kunyamulira katundu wake.

Atabwerera kwawo mu 1990, ndipo makamaka atakalamba, nkhawa yake idasamuka. Sankadandaulanso kwambiri za ndalama za zimbale, koma za kuiwala. Ankaopa kuti zidzukulu zidzangomva mphekesera yoti makolo awo adali Aafirika. Ankadzudzula mawailesi okonda nyimbo zakunja, makolo osayankhula chinenero chawo kwa ana, ndipo adafika pokana kujambulitsa chithunzi ndi amayi ovala tsitsi logula. Pamenepa ndiye adanyanya, ndipo akazi anga amati mkuluyu akadayamba wafotokoza za suti ndi lipenga la azungu asadafike pamutu pa anthu. Koma sadangolongolola. Adayambitsanso kampani yake, House of Masekela, adakhazikitsa bungwe losunga chikhalidwe mu 2015, ndipo ali ndi zaka 77 adatulutsa chimbale cha No Borders, mmene adayimba ndi Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe pamodzi ndi achinyamata ena. Adamwalira ku Johannesburg pa 23 Januwale 2018 ndi khansa. Mtukudzi adamutsatira pa tsiku lomwelo chaka chotsatira.

Matepi ali ndi nthawi yawoyawo imene siyenderana ndi ya woyimba. Mu Sepitembala 1974 Masekela ndi Levine adakonza chisangalalo cha masiku atatu ku Kinshasa, chokonzekera nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman. Kudabwera James Brown, B.B. King, Miriam Makeba, Franco ndi Tabu Ley. Foreman atavulala pa diso, nkhonya zidasunthidwa mpaka kumapeto kwa Okutobala, alendo ambiri osabwera, koma zonse zidajambulidwa. Kanema wake, Soul Power, adatuluka mu 2008. Nyimbo za oyimba a mu Africa a pa chisangalalocho zidatuluka pa chimbale mu 2017, patatha zaka 43, Franco, Tabu Ley ndi Makeba onse ali m'manda.

Zofananazo zidamuchitikira iye mwini. Mu 2010 adalowa m'situdiyo ku London ndi Tony Allen, woyimba ng'oma wa Fela uja, n'kujambula nyimbo zingapo zimene sadazimalize. Matepiwo adakhala pa shelefu mpaka Masekela atamwalira. Allen adabwerera m'situdiyo yomweyo kukamalizitsa, ndipo chimbalecho, Rejoice, chidatuluka mu Malichi 2020. Pa 30 Epulo chaka chomwecho Allen naye adamwalira ku Paris.